Wotchi ya pa Chinkhoswe cha Talandira

Wakuba anatenga wotchi n'kusiya kabokosi. Ichi ndicho chinayamba kuwavuta Mayi Debora atangolowa m'chipinda cha Talandira m'mawa wa tsiku la chinkhoswe. Mayiwa anagwira upolisi mpaka kumera imvi asanabwerere kwawo kufupi ndi Malomo kudzalima mtedza, ndipo mbava anaziona zamitundumitundu, zochenjera ndi zopusa zomwe. Koma mbava yofuna kukagulitsa chinthu chodula sisiya kabokosi, chifukwa kabokosiko ndiko kamakweza mtengo.

Talandira anali khale pamatiresi, tsitsi lomangidwa mbali imodzi yokha, misozi ili chuchuchu. Anali mwana wa malemu mng'ono wawo wa Mayi Debora, ndipo anakulira m'manja mwawo, kudyera mbale imodzi ndi Mirriam, mwana amene mayiwa anabereka okha. Masana a tsiku lomwelo akuchimuna ankabwera ndi tambala wawo, ndipo pa mphatso zonse, imene Talandira ankaiyembekezera ndi mtima wonse inali yomuveka Victor, mwamuna womutomerayo, wotchi anthu akuona.

"Kulira usiye kaye, misozi siithawa," anatero Mayi Debora. "Undiuze za wotchiyi ngati sindinaimvepo."

"Ndinaiona m'shopu ina ku Lilongwe, amayi. Yachitsulo yonse, nkhope yake yabuluu. A Victor anaima pagalasi nthawi yaitali akungoiyang'ana, kenako anaseka n'kunena kuti zimenezo n'za mabwana. Mtengo wake ungagule ng'ombe yaikazi. Nditawauza achemwali a Mirriam, anati ndisapusitsidwe, ku Joni yomweyo imagulidwa ndi theka. Ndiye ndinagulitsa soya wanga yense n'kuwapatsa ndalama popita kukaoda katundu wawo mu Ogasiti."

"Victor akudziwa?"

"Ayi. Ndinkafuna aidziwire pabwalo pomwepo."

"Unaiona liti komaliza?"

"Dzulo madzulo, nditawaonetsa a Faines atabweretsa diresi. Ndinaibweza pansi pa zovala m'sutikesi. Lero ndimati ndiike m'dengu la mphatso, ndangomva kabokosi kupepuka."

Mayi Debora anakatembenuza kabokosiko. Anachotsa kapilo kamene wotchi imagonapo, ndipo pansi pake anapeza kapepala kapulasitiki kokhala ndi timfundo titatu tachitsulo, tonyezimira, tofanana ndi tokhala pa lamba wa wotchi.

"Nanga iti n'ta chiyani?"

"Tinabwera momwemo. Ndimayesa n'tosinthira lamba akathyoka."

Mayiwa anatimanga pamfundo ya chitenje chawo monga amamangira ndalama ya kuchigayo. Asanafunse china, panja panamveka mawu a Mirriam, okwera ngati a wogulitsa pamsika.

"Ine ndanena kale, amalume. Amene analowa yekha m'chipindamo lero ndi a Faines."

*

Kuseri kwa nyumba kunali ngati kwagwa maliro. Azimayi anali atasiya kusefa thobwa, zikwama zawo zili yasa pamphasa, chifukwa Abrahamu, mlongo wawo wa Mayi Debora, anali atalamula kuti aliyense asechedwe. Abrahamu anali nkhoswe wamkulu komanso mkulu wa mpingo, munthu wabwino ndithu, kungoti mtima wake unali wapachala. Amene anagwira ntchito yopisa m'zikwamazo anali Mirriam, atamanga duku lalikulu lofiira, ndipo sanapeze kanthu.

Faines, telala wa m'mudzimo, anali atakhala pansi payekha, chikwama chake cha tizigamba atachikhuthulira pafumbi.

"Ndikuimbira apolisi a ku Malomo," anatero Abrahamu foni ili m'manja. "Akakalawa chitokosi, akumbukira kumene waibisa."

"Apolisi ali pano kale, achimwene. Anangopuma, sanafe," anayankha Mayi Debora. "Ndipatseni mpaka dzuwa lipendeke. Ndikalephera, muwaimbire."

Abrahamu anang'ung'udza, koma foni anaibweza m'thumba. Mayi Debora anakhala pansi pafupi ndi Faines, phewa ndi phewa, mmene amakhalira anthu osendera limodzi mtedza.

"Munalowamo m'chipindamo?"

"Ndinalowamo, mayi, sindingakane, Mulungu akundiona. Diresi ija inali yaitali kumbuyoku, ndiye ndinati ndipinde msangamsanga mtsikana akusamba. Ine ndasokera mudzi uno wonse, mayi, mayunifomu a ana anu, zovala za kwaya, ngakhale nsalu ya pa bokosi la malemu mng'ono wanu ndinasoka ndine. Lero ndakhala wakuba. Ndani adzandibweretsere nsalu yake mawa? Ana anga adya chiyani?"

"Wotchiyo munaiona?"

"Dzulo. Anandionetsa yekha mwiniwake. Ndipo ine kuigwira ndinakana, poti ndinaona kuti ndi yodwala kale, angadzati ndaiononga ndine."

"Yodwala bwanji?"

"Yothamanga, mayi. Wailesi inali chilankhulire pazenera, n'kunena kuti folo koloko yakwana, tsopano nkhani. Ine kuyang'ana pa wotchi, ili pa faifi ndendende. Kamuvi kakatali kali pamalo pake bwinobwino, koma kakafupi kadumpha. Ndinamuuza Talandira, iye anati akuopa kupotokola, adzakonza mwiniwake. Ine mumtima ndinati, ndalama zonsezo kugula chinthu chosadziwa nthawi."

Mayi Debora anayamba kulingalira. Wotchi yakufa imasochera paliponse, koma yotsogola ndi ola lathunthu mphindi zili m'malo mwake si yodwala ayi, imakhala ikusunga nthawi ya dziko lina. Ku Joni ndi kuno dzuwa amaliwerenga chimodzimodzi, zimenezo ankazidziwa. Ankadziwanso dziko limene lili patsogolo ndi ola limodzi, chifukwa pa utsikana wawo anagwirapo ntchito pachipata cha Songwe, ndipo ankaona madalaivala akupotokola mawotchi awo akangooloka mlatho kulowa m'Tanzania.

Anakweza maso. Mirriam anali chiimire pakhomo la khitchini akuwayang'ana, ndipo maso awo atakumana, mtsikanayo anayang'ana kumbali n'kukonza duku lake.

*

Wakabaza anawatsitsa pa nyumba ya mphunzitsi wina kuseri kwa msika wa Malomo, kumene akuchimuna anafikira. Kunja kunali kotentha, mapiri onse ali bii ndi lupsa. Njira yonse mayiwa ankakangana ndi mtima wawo. Mwina Mirriam anangosintha ulendo, anapita ku Dar es Salaam n'kuchita manyazi kunena. Bodza la geni si mlandu waukulu. Koma kutsutsa galu n'kukumba, ndipo iwo anali asanakumbe mokwanira.

Victor anatuluka atavala shati yoyera, tayi ili paphewa. Anali mlangizi wa zaulimi, mnyamata wowonda, waulemu mpaka kutopetsa, wolankhula ngati akuwerenga. Ataona apongozi ake anagwada, maso pansi.

"Takulandirani, amayi. Sitimayembekezera kuti mungavutike nokha."

"Ndabwera kudzakuuzani kuti mwambo ungachedweko pang'ono. Mphatso ina ya mtsikana wathu yasowa."

"Pepani kwambiri, amayi. Koma mukamuuze asadandaule. Wotchi si banja."

"Ndanena kuti ndi wotchi?"

Victor anaphethira kamodzi kokha. "Mbiri imathamanga, amayi. Akabaza akhala akukamba kuyambira m'mawa."

Zinali zotheka. Akabaza a pa Malomo amadziwa za m'nyumba mwako usanazidziwe iwe mwini. Mayi Debora anangogwedeza mutu, ndipo nthawi yomweyo m'nyumbamo munatuluka mwamuna wonenepa, wovala jekete lachikopa dzuwa lonselo, dzino lagolide likung'anima.

"Awa ndi amalume anga, a Bonifasi," anatero Victor mawu atatsika. "Amakhala ku Joni."

"Kutchona kumene, mama, osati kukhala," anatero Bonifasi akuseka. "Sindinauze munthu kuti ndikubwera, ndangogwa dzulo ngati chizimalupsa. Ndamva mukuti wotchi? Kapena ndi yochoka kwathu kuja? Eshi, ndiye mwandilanda chakudya pakamwa. Ine dzulo lomwe ndamuuza mphwangayu kuti chilichonse chochoka ku Joni ndimachidziwa ndi fungo. Mashopu a mawotchi ndawapondaponda onse. Taonani iyi."

Anakweza mkono wa jekete, n'kuonetsa wotchi yaikulu ngati chivundikiro cha botolo la mafuta odzola. Mayi Debora anaiyamikira mokwanira, poti munthu wodzitama ukam'patsa mpata amakupatsa zambiri kuposa zimene wapempha. Kenako anamasula mfundo ya chitenje n'kuthira timfundo tija m'dzanja la Bonifasi.

"Wakuba watisiyira iti. Mwina inu mungatidziwe."

Bonifasi anatiponya m'mwamba n'kutiwakha, nkhope ikukwinyika. Anatulutsa kiyi wa galimoto n'kukanda kamodzi. Kunyezimira kunachoka ngati utoto, pansi pake panaoneka chitsulo chofiirira.

"Mama, amene anagula ichi anamudyera masuku pamutu, kapena iyeyo ndiye wadyera wina. Ichi si cha m'shopu. N'chonamizira, cha patebulo la pamsika, mtengo wake mwina kambuzi kakang'ono. Chenicheni chimalemera, ndipo sichisupuka."

"Nanga timfundoto amatichotseranji?"

"Lamba amabwera wamtali, neh. Wogulitsa amakuveka pamkono, n'kuyesa, n'kuchotsa totsalira mpaka ikukwane. Totsalirato amakuikira m'kabokosi."

"Angachotse mwiniwake palibe?"

"Adziwa bwanji kukula kwa mkono? Nsapato mungagulire munthu ndi nambala, koma izi amayesa pathupi." Anatiwerenga ndi chala n'kuyamba kuseka. "Titatu tathunthu. Ndiye mwiniwake ndi wa mkono wa bango. Kumtundu kwathu woteroyo ndi mmodzi yekha, mphwangayu. Tabweretsa dzanjalo, iwe."

Victor anaseka nawo, koma manja onse awiri anali atalowa kale m'matumba a buluku. Thukuta linali litayamba kudontha kuchokera m'mphepete mwa tsitsi.

"Mu Ogasiti munali ku Mzuzu, eti bambo?" anafunsa Mayi Debora mofatsa. "Talandira ankadandaula kuti sabata yonse foni yanu sinkapezeka."

"Kunali maphunziro a ku ntchito, amayi. Kumene anatiika kunalibe netiweki."

"Ku Mzuzu?"

"Kunja kwa tauni pang'ono."

"Msewu wa kumpoto ndi wokoma," anatero mayiwa akumanganso mfundo yawo. "Ena amangopitirira, kudzazindikira aoloka kale Songwe."

Bonifasi anaseka osadziwa chimene akuseka. Victor sanaseke.

*

Pobwerera anapeza mahema atadzuka, mipando itayalidwa, zokuzira mawu zikuyesedwa. M'chipinda chapakati atsikana ankakonzekera gawo limene anthu amalikonda pa chinkhoswe, lotulutsa atsikana ophimbidwa nsalu kumutu mpaka kumapazi kuti mwamuna aloze wake. Woyamba kutuluka, wongomusokoneza mkamwini, anagwirizana kalekale kuti adzakhala Mirriam.

"Tatulukani kaye nonse," anatero Mayi Debora. "Mirriam, iwe utsale."

Anatseka chitseko n'kuchitsamira. Mwana wawo anali wokongola tsiku limenelo, ndipo zimenezo zinawapweteka.

"Ulendo wa ku Joni uja unayenda bwanji, mwana wanga? Sunandifotokozere bwino."

"Lero, amayi? Anthu akudikira panja."

"Adikira. Wotchi unaigula shopu iti?"

"Ndingakumbukire dzina? Mashopu ndi ambirimbiri kumene kuja."

"Lamba anayesera pamkono wa yani?"

"Pa wanga."

"Mkono wako ndi wanga, tonse ndife a mafupa aakulu. Atachotsa titatu sungalowe." Mayi Debora anasendera pafupi. "Dzulo unakhala tsiku lonse pansi pa mtengo wa mango akukuluka tsitsi, unalipira ndalama zambiri. Lero walibisa. Bwera ndikumange bwino dukulo, lapendama."

"Lili bwino, amayi."

"Ndati bwera."

Mirriam anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma. Mayi ake anatambasula dzanja, lomwe lija linkamupesa ali mwana, n'kugwira pamfundo ya duku. Munali chinthu cholimba. Anamasula pang'onopang'ono, ndipo wotchi inatsetserekera m'dzanja mwawo, yotentha ndi thukuta la m'mutu, nkhope yake yabuluu, ikuyenda bwinobwino pa nthawi ya ku Dar es Salaam.

Pa ntchito yawo yonse, nthawi ngati imeneyi inkawakomera. Tsiku limeneli anangokhala pa mpando umene unali pafupi.

"Unasecha zikwama za azimayi anzako chinthu chili pamutu pako."

Mirriam sanalire. Analankhula mano ali gwa.

"Anayamba ndi ine, amayi. Talandira asanamudziwe n'komwe. Koma akwawo ankafuna mphunzitsi, woimba kwaya, osati wogona m'mabasi ngati ine. Iye anati ndipirire, ukwati ndi wa makolo koma mtima ndi wake. Talandira atandipatsa ndalama zija, ndinamuuza Victor, n'kuseka tonse. Anati wotchi yofanana nayo ku Dar ili mbwee pamsika, ndalama zotsalazo tidyere ulendo."

"Ndiye tikiti ya basi, chakudya, ndi chipinda chimene munkagonamo, analipira ndi mng'ono wako. Ndi soya amene analima yekha akaweruka kusukulu."

Mirriam anayang'ana pansi.

"Nanga kuibanso n'chifukwa chiyani?"

"Anandiimbira dzulo kuti amalume ake a ku Joni afika, ndipo akangoiona aidziwa kuti ndi yabodza, ayamba kufunsa mafunso pagulu. Anati isafike pabwalo."

"Ndipo Faines?"

"Akanamumasula. Umboni panalibe."

"Akanamumasula ku chitokosi. Ku dzina la wakuba akanamumasula ndani?"

Panja wina ankayesa chokuzira mawu, akuwerenga manambala mobwerezabwereza.

"Amayi," anatero Mirriam, "chimbudzi chili kuseriku. Mukaiponyamo, palibe adzadziwe. Ndine mwana wanu."

Mayi Debora sanadzinamize, maganizo amenewo anali atawafikira kale mwanayo asanawatchule. Chibale ndi fupa, sichiola. Akanatha kuuza Abrahamu kuti nkhani yakanika, chinkhoswe n'kuchitika, anthu n'kuvina, manyazi a nyumba yawo n'kumira m'dzenje. Koma anakumbukira mng'ono wawo ali gone pa bedi la kuchipatala, atawagwira chala, akunena kuti mwanayu ndi wanu tsopano. Anamva ukali, anamva chisoni, ndipo koposa zonse anamva kuti apusitsidwa m'nyumba mwawo momwe ndi munthu amene ankamudalira kuposa wina aliyense.

"Ndiwe mwana wanga, inde," anatero akuimirira. "Vuto ndi loti ndili nawo awiri."

*

Talandira anamvetsera zonse atavala kale diresi yake, manja ali pamiyendo. Mayi Debora sanakometse kalikonse. Ananena za ola lija, za timfundo, za Mzuzu wopanda netiweki, ndi za duku. Ankayembekezera kukuwa, koma mtsikanayo misozi anali ataimalizira pa kabokosi m'mawa. Anangotenga wotchiyo n'kumaitembenuza.

"Sabata imene ija ndinkawaimbira achemwali kuwadandaulira kuti a Victor sakupezeka," anatero. "Foni yawonso sinkalowa. Ine n'kumati, ku Joni n'kutali."

"Ndikauze amalume ako abweze anthu?"

"Ayi, amayi. Anthu aphika, ena achokera ku Kasakula wapansi. Mwambo uyambe. Achemwali atuluke oyamba monga tinapanganira."

"Talandira, ameneyo ndi m'bale wako."

"N'chifukwa chake sindiwatchula dzina. Koma atuluke." Anakweza maso. "Ndipo musanachite china chilichonse, mukawadzutse a Faines pafumbi paja."

Mayi Debora anapita kuseri. Pamaso pa azimayi onse, wapolisi wopuma uja anagwada kutsogolo kwa telala n'kuyamba kutola tizigamba kubwezera m'chikwama.

"Wotchi yapezeka, ndipo sinali kwa inu. Nyumba ino yakulakwirani, a Faines. Mutikhululukire."

"Yapezeka kuti?" anafunsa Abrahamu.

"Mukhale pampando wanu wa unkhoswe, achimwene. Muona."

*

Akuchimuna anafika ndi nyimbo, tambala atamukumbatira mnyamata wa kutsogolo, Bonifasi akugawa moni ngati phungu. Victor anakhala pampando wake, ndipo poona kuti palibe chachilendo, mapewa ake anatsika. Mapemphero anachitika, ankhoswe anadziwana, thobwa linayenda. Kenako woyendetsa mwambo anakweza mawu kuti tsopano tione ngati mkamwini amamudziwadi mkazi wake.

Mayi Debora anatuluka m'nyumba atagwira pamkono munthu wophimbidwa chitenje chobiriwira kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Nthungululu zinalira. Anamuimika patsogolo pa Victor.

"Bambo, tayang'anitsitsani," anatero woyendetsa mwambo. "Ndi ameneyu?"

Victor anaimirira, anazungulira wophimbidwayo mwamasewera monga amachitira onse, anayang'ana kumapazi, n'kupukusa mutu.

"Ayi ndithu. Uyu sindikumudziwa. Mubwerere naye kumene mwamutenga."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Mayi Debora okha ndiwo anamva mkono umene anaugwirawo ukuuma ngati mtengo.

Mwambo umafuna kuti wokanidwayo avundukulidwe, anthu aseke, abwere wina. Koma woyendetsa mwambo asanatambasule dzanja, phokoso linazima lokha kuyambira kumbuyo. Talandira ankabwera yekha, wosaphimbidwa, wopanda womuperekeza, akuyenda ngati akupita kukalemba pa bolodi. Anaima pamaso pa Victor n'kutsegula dzanja.

Nkhope ya Victor inachita ngati yathiridwa phulusa.

"Ndinakugulirani mphatso, a Victor. Inasowa, koma yapezeka. Bweretsani mkono."

Panalibe kothawira. Anthu onse ankayang'ana, amalume ake atasendera kale kutsogolo. Anatambasula mkono wake wowonda uja. Talandira anamuveka wotchi, n'kutseka lamba, ndipo m'chete umenewo kachitsulo kanamveka kuti tha. Inamukwana ndendende, osakhwepa, osathina.

"Yakukwanani," anatero Talandira, mawu ake akumveka mpaka kumipando yakumbuyo. "Anakuyesani bwino ku Dar kuja. Ine ndinangolipira."

Bonifasi anagwira mkono wa mphwake, anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana mnyamatayo. Anavula chipewa n'kukhala pansi.

Talandira anatembenukira kwa Abrahamu. "Amalume, abwezereni tambala wawo. Wotchi apite nayo, ndi ya mkono wawo."

Anabwerera m'nyumba mmene anabwerera, osathamanga. Faines ndiye anayamba kumutsatira, atanyamula m'mphepete mwa diresi kuti isakhudze fumbi.

Zotsatira zake zinali phokoso lokhalokha. Ankhoswe anakokerana pambali, azimayi akuchimuna anayamba kusonkhanitsa madengu awo, ena ankafunsana kuti ku Dar anapita ndi yani. Victor ankalimbana ndi lamba kuti avule, koma zala zinkamuterera. Pakati pa bwalo, padzuwa, munthu wophimbidwa uja anali chiimire pomwe anamusiya, chitenje chikugwedezeka ngakhale kunalibe mphepo.

Woyendetsa mwambo anayandikira Mayi Debora, chokuzira mawu atachibisa kumbuyo.

"Mayi, nanga uyu? Timuvundukule?"

Mayi Debora anayang'ana nsaluyo. Mkwiyo unali usanathe, ndipo ankadziwa kuti sudzatha chaka chimenecho. Ankadziwanso kuti pofika mawa mudzi wonse udzakhala utalumikiza wokha nkhaniyi, ndipo dzina lidzatuluka ngakhale iwo atatseka pakamwa.

"Musiyeni," anatero. "Mwamva nokha, mwamuna uja wati sakumudziwa. Ine ndikumudziwa."

Anamugwiranso pamkono n'kuyamba naye ulendo wa kunyumba, akumuuza pamene pali mwala ndi pamene pali chitsa, poti m'kati mwa nsalumo sankaona njira.